Bola Mzungu Akudziwe Nkhope

Symon ankakapa madzi m'bwato la mzungu wa ku mishoni pamene aphunzitsi Lazaro anamupeza padooko la Nsanje. Anamuuza kuti woyesa mayeso wafika pa sitima kuchokera kumtunda, ndipo mawa asankha anyamata opita ku sukulu ya uphunzitsi. Anamufunsanso ngati masamu ogawa akuwakumbukirabe. Symon anangoseka, nati zonse bambo ake anakonza kale.

Bambo akewo, a Kalisto, anali msodzi wa m'dambo, ndipo ankakhulupirira zimene aliyense ankanena pa mowa: kusukulu yaikulu sikupita wanzeru, kumapita amene mzungu akumudziwa nkhope. Ena ankati pamafunikanso nsapato. Nsapatozo anamugulira zakale kwa Mmwenye, zazikulu zochita kuikamo nsanza. Kenaka anamutulutsa m'kalasi n'kukamupereka kwa mzungu uja kuti azimupalasira bwato. A Lazaro anabwera kunyumba kudzadandaula kuti mwanayo mutu wake umagwira, asamuwononge. A Kalisto anawapatsa mlamba wouma, anawaperekeza mwaulemu, pobwerera n'kumauza anthu kuti mphunzitsiyo ndi wakaduka.

Dzinja linapita, lina linabwera, Symon akupalasabe mpaka zikhatho zinauma ngati chikopa. Mzunguyo ankamuitana Samisoni, iye n'kumavomera.

Woyesa mayeso anali mlendo, munthu wakuda wovala magalasi, ndipo sanayang'ane mapazi a aliyense. Anagawa masileti n'kulemba mafunso pabolodi. Symon anawayang'ana mafunsowo ngati anthu amene anakumana nawo kalekale koma mayina anawaiwala. Anzake akutuluka, sileti yake inali ndi dzina lokha.

Madzulo a tsikulo a Kalisto anamukokera kukhonde kwa mzungu, anavula chipewa n'kugwada. Mzunguyo anamvetsera modabwa. Anati sankadziwa n'komwe kuti mnyamatayo amafuna sukulu, komanso zosankha si zake.

"Koma Samisoni ndi wopalasa wabwino kwambiri," anatero mokoma mtima. "Ndikanadandaula kumutaya."

Panjira a Kalisto anayamba kunena kuti chaka chamawa ayesanso, mwina mphatso ya mbuzi ingathandize.

"Baba, chaka chamawa ndidzakhala nditapitirira msinkhu," anatero Symon. "Musavutitse mbuzi."



Sabata yotsatira Shire anasefukira n'kutseka njira yopita ku siteshoni, ndipo mzungu analamula kuti osankhidwawo awoloke pa bwato lake. Symon anawanyamulira mabokosi n'kuwakhazika bwinobwino. Mmodzi wa iwo anali Howard, amene kale ankakhala pambali pake m'kalasi n'kumaonera pa sileti yake. Atafika pakati pa madzi, Howard anakumbatira bokosi lake n'kumupempha kuti apalase pang'onopang'ono, mabuku anganyowe.

Symon anapalasa pang'onopang'ono.