Lero Mutsale, Alamu

Kawiri konse a Modesta anabwezedwa kuchipatala osachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Diso lamanzere linali litasiya kale kuona, lamanja nalo linayamba kuchita chifunga. Koma namwino akangowayeza, BP imapezeka yakwera, ndipo dokotala sakhudza diso la munthu wotero. Anawauza kuti akabwezedwanso, adikira mpaka chaka chamawa. Chodabwitsa n'chakuti kunyumba ku Chilomoni, kamakina ka mwana wawo koyezera BP kankaonetsa kuti zonse zili bwino.

Vuto linali woperekeza. Alamu awo, a Evelina, ndiwo ankawagwira dzanja, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. A Modesta anachokera ku Rumphi ali mtsikana, aphunzitsa ana a mu Blantyre muno mpaka kupuma ntchito, koma kwa a Evelina anali adakali mlendo. Mu minibasi ankauza aliyense, ngakhale wosafunsa: "Awa ndi akumpoto awa, achimwene anakawatola kutali." Pamzere wa kuchipatala ankawayeserera kayankhulidwe, anthu n'kumaseka. A Modesta ankaseka nawo mwaulemu, koma zinkawapweteka, ndipo pofika kwa namwino mutu unkakhala ukugunda.

Ulendo wachitatu, a Evelina anatulukira m'mawa atatchena chitenje chatsopano. A Modesta anaima pakhomo.

"Alamu, lero mutsale."

"Ndiye akugwireni dzanja ndani? Anthu ati chiyani?"

"Anene zimene anene. Mumandinyoza pagulu, ine n'kumaseka, koma thupi langa siliseka. Diso ndi langa."

A Evelina anatembenuka n'kubwerera kwawo.

Anapita ndi a Sumayyah, mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda. Njira yonse a Sumayyah ankadandaula za nkhuku yawo yamakani, yomwe inakana chisa n'kumaikira mazira m'chipewa cha amuna awo. A Modesta anaseka mpaka kupukuta misozi, kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba.

Namwino anawamanga choyezera BP pamkono, n'kuyang'ana makina. Anamasula, n'kuyezanso.

"Amayi, lero mwamwa chiyani?"

"Mankhwala omwe aja, mwanangu. Ndangosiya munthu wina kunyumba."

Namwino anaseka n'kuwaimiritsa. A Modesta anamva chimwemwe chimene anali atachiiwala, miyendo n'kupepuka ngati ya mwana wasukulu.

"Vulani mpango, amayi. Dokotala akukudikirani."