Chiswahili cha Amake Dalitso

A Monika, amake Dalitso, anali mayi wosapempha, ndipo mudzi wawo wonse ku Kasenengwa unkadziwa zimenezi. Dengu la mtedza ankadzisenza okha: kugwada, kulikokera pa bondo, kuliponya pamutu, n'kudzuka ngati palibe chachitika. Wina akathamangira kuti awasenzetse, ankamuyang'ana ndi diso lofunsa kuti, "Ndakuitana?" Kunena zoona khalidwe limeneli linkatopetsa, koma eni ake ankanyadira nalo.

Mwana wawo Dalitso ankayendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam, ndipo m'maulendo momwemo anakwatira Grace, mtsikana wa ku Mbeya wosadziwa Chinyanja. Nyengo yokumba mtedza anabwera naye kumudzi, pathupi patayamba kuoneka, namusiya m'manja mwa amake, iye n'kubwerera ku msewu.

A Monika anamukonda mpongozi wawoyo tsiku lomwelo, ndipo anamusamala monga anaphunzitsidwira. Kwawoko mlendo satumidwa, ndiye wochokera kutali chotero, ali wodwala, anthu asadzanene kuti anamutengera ukapolo. Anamuyalira mphasa yatsopano pansi pa mtengo wa mango. Grace akagwira tsache, ankamulanda. Akanyamula ndowa, ankamulanda. Madzi osamba ankawapeza ali kale ku bafa. Mwana wa eni ankangokhala pamphasapo kuyambira m'mawa, kuonerera nkhuku.

Ndiye foni inalira.

"Amama, Grace akuti ndikafika Loweruka ndimutenge," anatero Dalitso. "Akuti akachilire kwawo ku Mbeya."

"Chifukwa?"

"Akuti simumufuna."

A Monika anakhala pansi. Iwo osamufuna! Mtima unawawawa kwambiri, ndipo mantha anabwera pambuyo pake. Ankamudziwa mwana wawo. Grace akapita, Dalitso adzapeza nyumba komweko, ndipo mdzukulu woyamba azidzangomuona pa foni ngati mwana wa anthu ena.

Koma sanali mayi wolira nthawi yaitali. Anaona kuti vuto ndi pakamwa basi: mtsikanayo sakumva chikondi chifukwa chikunenedwa m'Chinyanja. M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Chipata, n'kutenga njinga yakabaza mpaka ku Nabvutika kwa a Zaitun, mayi wachisilamu amene ankawagula mtedza chaka ndi chaka, komanso ankapita ku Dar kukaoda zitenje.

"Mundiphunzitse Chiswahili, lero lomwe," anatero a Monika asanamalize n'komwe moni.

A Zaitun anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. "Chonse, amake Dalitso? Chabwino, tiyambe ndi cha m'nyumba. Kumeneko munthu wolemekezeka salamula. Amayamba ndi naomba, ndiye kuti ndikupempha. Naomba maji, ndikupempha madzi. Naomba chumvi, mchere. Mukafuna kuti munthu akuchitireni kanthu, mawu a ntchitowo mumawafewetsa kumapeto. Naomba unisaidie, ndikupempha undithandize. Tanenani."

"Naomba unisaidie," ananena a Monika bwinobwino, chifukwa mutu anali nawo wakuthwa. Kenako anakwinya nkhope. "Koma zimenezo n'zopemphapempha. Ine ndipemphe chiyani kwa mwana? Ndipatseni mawu oti khala pansi, puma, siya, idya."

"Amenewo ndi osavuta. Kaa, pumzika, acha, kula. Koma mwana wa ku Mbeya, wokulira pa khasu, mukumuuza kuti acha tsiku lonse?"

"Inu phunzitsani. Za mpongozi wanga ndidziwa ndine."

A Zaitun anangotukula mapewa n'kuwathirira tiyi. Komabe powaperekeza anawabwerezetsa naomba uja kangapo, amvekere maphunziro awo sapereka theka.

M'minibasi a Monika ankang'ung'udza mawu awo anayi ngati nyimbo ya kwaya. Atafika anapeza Grace akutsuka mbale. Anaima monyadira, manja m'chiuno.

"Acha!" anatero. "Kaa. Pumzika."

Grace anadzidzimuka kumva chiyankhulo chakwawo, nkhope n'kuwala. Koma atamvetsa zimene zanenedwa, kuwalako kunazima. Anaika mbale pansi pang'onopang'ono, nalowa m'nyumba. Posakhalitsa a Monika anamva zipi ya chikwama. Atasuzumira anaona zovala zonse zapindidwa, chikwama chaimikidwa pafupi ndi chitseko kudikira Loweruka.

Apa ndiye mutu unawaima. Kodi ananena molakwa? Ayi, a Zaitun anavomereza katchulidwe kawo. Nanga mwanayu akufunanso chiyani?

Lachisanu masana, pochokera kudimba, anapeza mphasa ili yokha. Anamva kuseka kuseri kwa nkhokwe ya a Elesi, oyandikana nawo, mayi waulesi wodziwika mudzi wonse, amene angathe kutuma ngakhale wansembe atabwera kudzadalitsa nyumba. Ndipo taonani: a Elesi atatambalala pamthunzi, akungoloza ndi chala, pamene Grace wakhala pakati pa mulu wa mtedza, akuthothola ndi manja awiri mwaliwiro, fumbi lili mpaka m'tsitsi. Ankaseka. A Monika anali asanaonepo mano a mpongozi wawo chifikire.

"A Elesi! Manyazi mulibe? Mpongozi wanga mwamusandutsa waganyu?"

"Iii, amake Dalitso, wabwera yekha," anayankha a Elesi osatekeseka. "Ine ndangomulozera nsawazo. Onani manja ake, makina enieni. Kwanu mumamusunga ngati kapu ya alendo, yotulutsa pa Khirisimasi pokha."

A Monika anatsegula pakamwa kuti awalalatire, koma anaona Grace. Kuseka kunali kutatha. Mtsikanayo anali atasiya mtedza, akupukuta manja pa chitenje, maso pansi, kudikira kuti auzidwenso kuti acha. Ndi pamene anamvetsa, ndipo zinawapweteka kuti wawaphunzitsa ndi Elesi, pa anthu onse. M'nyumba ya munthu, wosatumidwa ndi wodutsa. Masabata onsewa iwo ankamuuza mwanayo mwaulemu wonse kuti pano si pake.

Anatembenuka, napita pabwalo pawo pomwe anayanika mtedza wa Chalimbana. Anatenga dengu lalikulu, lija lomwe ankadzisenza okha chiyambire umasiye wawo, n'kulidzaza mpaka kusefukira. Grace anali atawatsatira chapatali, waima pafupi ndi mtengo wa mango. A Elesi nawonso anali atasendera kumpanda, chifukwa zoonerera sankaphonya.

A Monika anagwada pambali pa dengulo. Akanatha kulikokera pa bondo monga mwa masiku onse, mphamvu zinalipo. Koma manja anawasiya pa ntchafu. Mawu opempha aja anawalemera, osati chifukwa anali achilendo. Ngakhale m'Chinyanja anali asanawanenepo kwa munthu.

"Grace," anaitana. "Naomba unisaidie."

Mtsikanayo anayang'ana kumbuyo kwake, kuona ngati pali Grace wina. Kenako anathamanga, koma osati kudengu. Analowa m'nyumba. Mtima wa a Monika unagwa, ali chigwadire pafumbi pamaso pa Elesi. Anamvanso zipi ija.

Grace anatuluka ndi chitenje chake chatsopano, chimene anachipinda n'kuchiika pamwamba m'chikwama kuti adzavale pa ulendo. Anachipotokola mofulumira kukhala nkhata, naiika pamutu pa apongozi ake, n'kuikonza bwino ndi zala. Anagwira dengu mbali imodzi, a Monika mbali inayo.

"Haya, mama," anatero Grace, ndiye kuti tiyeni, amama.

Dengu linakwera mopepuka moti a Monika anadabwa kuti zaka zonsezi ankavutikiranji. Ataimirira, anakumbukira kuti maphunziro sanathe.

"Naomba maji," anatero, akuloza ndowa. Kenako analoza tsache. Mawu ake sankawadziwa, koma anangoti naomba, n'kuloza. Analozanso mbale, nkhuni ndi mtondo, mpaka Grace anayamba kuseka, misozi ili m'masaya.

Loweruka Dalitso anaimika thiraki kumsewu, nafika wapansi. Anapeza chikwama chili chotsegula pakona, zovala zitayanikidwa pa chingwe pamodzi ndi za amake. Mkazi wake anali pamtondo.

"Amama! Mukumusinjitsa, ali chonchi?"

"Pang'ono chabe, ndikumuyang'anira," anayankha a Monika osatembenuka, akupeta. "Iwe ndiwe mlendo pano. Kaa. Pumzika."