Khungwa la Muranga

Malachi anamulakwira mpongozi wake Custodio m'chaka chachiwiri cha kovidi, chifuwa chitavuta m'makomboni a tiyi ku Chipinge.

Kuseri kwa nyumba yake Custodio anali ndi mtengo umodzi wa muranga, uja khungwa lake limawawa ngati tsabola koma limachiza chifuwa. M'nkhalango anthu anaumaliza kalekale. Wakewo anaudzala akadali wothyola tiyi, ndipo chaka ndi chaka zipatso zake zinkagwa zili ndi mphutsi. Chaka chimenecho zinagwira bwino, zobiriwira, zopanda bowo. Nkhalambayo inkadikira mbewu.

Muranga uli ndi kasendedwe kake: kachigamba kum'mawa, kachigamba kumadzulo, kenako umamata bala ndi dothi. Malachi, mwamuna wa Rozi mwana wa Custodio, ankazidziwa zimenezi. Koma iye anali mpositoli wa mkanjo woyera, wometa mpala, amene ankalalikira kuti mankhwala a zitsamba ndi a ziwanda. Custodio atakwera basi kupita kumaliro ku Mandeya, munthu wa Mulunguyo anabwera ndi chikwanje, maso ali kumsewu, n'kuusenda mtengowo kuzungulira, kuyambira m'mawondo mpaka pamene mkono unalekeza.

Custodio atabwerako n'kuuona mtengowo, anakamupeza Malachi pathanthwe lopemphererapo, akumwetsa odwala madzi a m'botolo. Anatenga botolo limodzi n'kulawa.

“Akamwini, madzi anu odalitsawa akuwawa tsabola bwanji?”

“Ndi mphamvu ya Mzimu, baba.”

“Mzimu wake umayenda ndi chikwanje?”

“Mwakalamba, baba. Mtengo umaphuka. Pitani mukapume.”

Amayi a mipango yoyera anaseka, ena uku akutsokomola. Rozi anamukokera pambali.

“Ababa, musatichititse manyazi chifukwa cha chitsamba.”

Anatero mwana wobereka yekha, amene ali wakhanda anachira ndi khungwa lomwelo.

Custodio anamata dothi thunthu lonse, koma panalibenso choti dothilo lichize. Masamba anayoyoka, zipatso zinafota zisanakhwime. Anazitola n'kuziswa ndi chikhadabo: njere zake zinali zoyera, zofewa ngati phala. Anazifesabe m'chitini, n'kumathirira mpaka mvula inabwera. Sipanamere kanthu.

Odwala ambiri anachira, ndipo mpingo unamupatsa Malachi ndodo ya mneneri wamkulu. Lachisanu lililonse amadutsa pakhomo pa Custodio, mkanjo uli mbee, n'kupereka moni.