Kabotolo ka Pansi pa Mtsuko

Rhoda anakapeza Loweruka m'mawa, pamene ankasintha mchenga wa pansi pa mtsuko wa madzi akumwa. Kanali kabotolo kakang'ono ngati chala, kokulungidwa m'kajumbo ndi kukwiriridwa mu mchenga wonyowawo. Chipepala chake chinali chitamatulidwa, osatsala ndi chilembo chimodzi. Pambali pake panali tina tiwiri tosatsegula, natonso topanda dzina. M'nyumbamo ankakhala awiri okha, iye ndi mwamuna wake George, poti mwana wawo Tiyamike anakwatiwa ku Ludzi. Ndiye wokwirira sanali wochita kufunsa.

George Makwinja anachoka kwawo ku Phalombe ali mnyamata, ndipo anali atagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chiosya. Ntchito yake inali yosankha fodya. Akatenga tsamba n'kuliyang'ana pa kuwala, ankadziwa mulu woyenera kuliponya, pamene ena ankangoona kuti fodya ndi fodya basi. Maso akewo ndiwo ankadyetsa banja, ndipo nyumba imene ankagonamo inali ya esiteti.

Kabotolo pakokha sikakanamusowetsa mtendere Rhoda. Vuto linali loti kanabwera pamwamba pa zina. Dzuwa likangolowa, George ankazemba kupita kuseri kwa bafa n'kubwerako maso ali psuu, akuphethira. Tsitsi la m'zikope mwake linali litatalika ndi kuda, ndipo zikope zenizenizo zinali zitadera ngati za mtsikana wodzikongoletsa. Bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu zinayi! Ndiye mwezi wathawo, pochapa jekete, Rhoda anapeza kapepala kolembedwa kuti “Lusungu”, pansi pake nambala ya foni ndi tsiku.

Munthu wanzeru akanadikira mwini wake n'kufunsa. Koma Rhoda anamanga kabotolo m'nsonga ya chitenje n'kupita kwa Linda, mnzake woyandikana naye nyumba, amene ankaoda zitenje ku Chipata n'kumagulitsa m'maesiteti. Linda anali munthu wosasowa yankho. Ngakhale mukanamufunsa za injini ya thirakitala akanakuyankhani.

Rhoda atamufotokozera zonse, ndi za kapepala ka Lusungu zomwe, Linda anatembenuza kabotolo kaja, kukanunkhiza, kenako anapukusa mutu.

“Amake Tiyamike, apa mwachedwa. Aka ndimakadziwa. Ku Chipata akumagulitsa poyera, manje madala onse akupenga nako. Mwamuna amadontheza m'maso, ndiye mkazi amene wamuyang'ana sagona tulo.”

“Koma kabotolo kake kakuoneka ngati ka kuchipatala,” anatero Rhoda.

“Nanga mumati aziika m'chigubu? Asing'anga a masiku ano ndi ochenjera. Akanakhala a kuchipatala, chipepala akanachotseranji? Akanabisiranji? Ndiye Lusungu ameneyo ndi mchemwali wawo?”

Rhoda anabwezera kabotolo m'nsonga ya chitenje. Mtima unamuwawa, ndipo anachita manyazi kuti zaka zonsezi wakhala akuchapira munthu wotere.

“Ndikawafunse?”

“Mukawafunse kuti akanene chiyani? Adzangosintha pobisa. Inu khuthulani, muthiremo madzi. Azidontheza madzi mpaka Lusungu wawoyo atope nawo.”

Masana omwewo Rhoda anazula kamlomo ka botolo ndi nsonga ya mpeni, kukhuthulira mankhwala pa phulusa, kuthiramo madzi a mu mtsuko n'kubwezera m'malo mwake. Patatha mwezi George anatsegula kachiwiri, nako kanaona zomwezo. Kachitatu chimodzimodzi. Rhoda anafika poizolowera ntchitoyo.

Ndipo zinkaoneka ngati zikuyenda. Kufiira kwa maso kunachepa. George ankabwera kuchokera kuseri kwa bafa akuimba mluzu. Tsiku lina Rhoda anamumva akudziyankhulira yekha kuti, “Ayi, tsopano sakuwawanso.” Rhoda anaseka chamumtima, nati ndakugwirani.

Koma panayamba kuchitika tina. George anagunda phewa pa felemu ya chitseko chimene wakhala akulowera zaka zambiri. Anaponda mwanapiye amene anali pambali pa phazi lake. Pakudya, Rhoda akaika kapu ya madzi chakumanzere, George ankafunsa kuti madzi ali kuti. Rhoda ankati ndi maganizo, mtima uli kwa Lusungu. Linda naye anavomereza kuti mankhwala otere akasuluka munthu amakhala ngati wazunguzika.

Nyengo yosankha fodya ili mkati, Lachitatu lina, George anabwera masana akukankha njinga yopindika gudumu, bondo likuchucha magazi. Anali atawombana ndi ngolo pamphambano ya ku chigafa. Ngolo ya ng'ombe ziwiri, usana dzuwa likuswa mtengo, iye osaiona mpaka itafika pamphuno. Anakhala pakhonde n'kupukuta bondo lija.

“Amake Tiyamike,” anatero, “mawa mundiperekeze ku boma. Ndekha ndikuopa msewu.”

“Ku boma kwa ndani?”

“Kwa a Lusungu.”

Rhoda anapsa mtima. Kulimba mtima kwake munthuyu, kutchula dzina pamaso pake! Koma anadzigwira. M'mawa anavala chitenje chake chatsopano n'kumanga mpango bwinobwino, kuti mkazi ameneyo akaone kuti George sanachoke pa munthu wamba.

Anatsika minibasi, ndipo George, atagwira mkono wa mkazi wake, analunjika kuchipatala. Anakhala pa benchi ya odwala maso. Atawaitana, analowa m'chipinda momwe munali bambo wina wamtali, wa dazi, wovala magalasi ndi chovala choyera.

“Bambo Makwinja, mwabwera ndi mayi lero? Zikomo kwambiri. Mayi, ine ndine Lusungu Nyirenda, ndimaona za maso kuno. Kwathu ndi ku Rumphi.”

Rhoda anayang'ana dazi lija, nayang'ana mwamuna wake. Anangokhala pa mpando asanauzidwe.

A Nyirenda anadontheza mankhwala ochititsa dzanzi m'maso mwa George n'kuyeza ndi kachipangizo kawo. Anayezanso kachiwiri. Kenako anamutseka diso limodzi n'kumagwedeza zala cham'mbali, akufunsa ngati akuziona. Nkhope yawo inasintha.

“Bambo Makwinja, tisanamizane. Miyezi itatu yapitayo presha ya m'maso mwanu inali itatsika bwino. Lero yakwera kuposa tsiku loyamba lija. Mankhwala munasiya liti?”

“Sindinasiye ngakhale tsiku limodzi, adokotala.”

“Ambiri amatero.”

“Ine si mwana!” George anatulutsa kabotolo m'thumba n'kukaika pa tebulo mwamphamvu. “Aka, katsala pang'ono kutha. Mwina inuyo ndi amene munandipatsa achabe. Timamva ife kuti mankhwala ena akumakhala madzi okhaokha. Poyamba ankaluma m'maso, pano sakulumanso. Ine ndimati ndikuchira.”

A Nyirenda anakatenga, kuyang'ana kamlomo kake kamene kanali ndi zipsera za mpeni, n'kudontheza pa kapepala.

“Chipepala chake chili kuti?”

“Ndinamatula ndine.”

“Nanga amene amakagwira, kupatula inu, ndani?”

“Palibe. Palibe amene akudziwa.”

Rhoda akanatha kukhala chete. Amuna awiriwo akanapitiriza kukayikirana, iye n'kubwerera kwawo ndi ulemu wake. Koma anaona dzanja la George likufufuza chipewa chimene chinali pafupi pomwepo, chakumanzere, osachipeza.

“Ndine,” anatero Rhoda. “Ndinakhuthula ndine. Tonse titatu. Ndinathiramo madzi a mu mtsuko.”

George anatembenuza mutu wonse kuti amuone.

“Ndimayesa ndi mankhwala okopera akazi. Ndinapeza dzina m'jekete. Zikope zanu zinasintha. Munkabisala kuseri kwa bafa. Ine ndikanaganiza chiyani, abambo ake Tiyamike? Bwanji simunandiuze?”

“Ndikanakuuzani, pofika madzulo nkhani ikanakhala ili pa mjigo,” anatero George motsitsa mawu. “Kapitawo akamva kuti wosankha fodya akudwala maso, ntchito yatha, nyumba yatha. Tikanapita kuti? Bambo anga anafa ali akhungu, ndinkawatsogolera ndi ndodo ine. Ndinkaopa kuti mukadziwa mudzayamba kundiona ngati katundu.”

Onse awiri analira, ndipo a Nyirenda anawasiya alire. Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo.

“Mayi, matenda amene ali ndi bambowa dzina lake ndi gulokoma. Ena amangoti BP ya m'maso. M'diso muli timadzi timene timalowa ndi kutuluka. Tikamavutika kutuluka, timapanikiza mtsempha umene umatithandiza kuona, ndipo mtsemphawo umafa pang'onopang'ono. Kawirikawiri sizipweteka. Munthu amayamba kutaya zam'mbali, kutsogolo akuona bwinobwino, n'chifukwa chake ambiri amazindikira mochedwa. Mankhwalawa ntchito yake ndi kutsitsa preshayo. Kwa anthu ena amafiiritsa maso, amatalikitsa tsitsi la m'zikope, amadetsa khungu lozungulira diso. Zimene munaonazo zinali zoona, kungoti munazimasulira molakwa.”

“Ndiye mukawapatsa ena achira?” anafunsa Rhoda. “Ndigulitsa chilichonse, adokotala.”

“Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetse. Mankhwalawa sabweza chimene chapita. Amateteza chimene chatsala. Diso lamanzere linali lodwala kale, ndipo miyezi itatu imeneyi yalimaliza pafupifupi lonse. Limenelo sindikulonjezani kanthu. Lamanja likadali ndi mphamvu, ndipo tikalisamala lingathe kuwatumikira zaka zambiri. Muthokozenso Mulungu kuti madzi aja sanayambitse zilonda, chifukwa madzi a mu mtsuko si oika m'maso.”

Anawalembera mankhwala ena, kuonjezapo mtundu wachiwiri wa m'mawa ndi madzulo, atafunsa kaye ngati George ali ndi mphumu kapena vuto la mtima. Anati abwerenso pakatha masabata awiri, ndipo presha ikapanda kutsika adzawatumiza ku Lilongwe kukaonana ndi madokotala a opaleshoni. Anati Tiyamike ndi abale ake a George akayezetse, chifukwa matendawa amayenda m'magazi. Kenako anatembenukira kwa George.

“Inunso bambo, mlandu muli nawo. Ndinakuuzani kuti muziwasunga pozizira, sindinati muziwabisa. Mankhwala opanda dzina m'nyumba ndi ngozi. Tsopano mayi, sambani m'manja apo, mubwere ndikuphunzitseni.”

Rhoda anaphunzira kukoka chikope cham'munsi, kudontheza dontho limodzi lokha kamlomo osakhudza diso, ndi kusindikiza pang'ono pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri. Apa n'kuti dzanzi lija litatha. Dontho loyamba linagwera pa tsaya. Lachiwiri linalowa.

“Aaa, akuluma!” anatero George.

“Ndiwo enieniwo,” anatero a Nyirenda.

Linda atamva anati iye anangonena zimene amamva ku Chipata, sanagwire dzanja la munthu. Rhoda sanakangane naye, poti mpeni anagwira yekha. Anangosiya kupita kukafunsa nzeru kumeneko.

George anakadziwulula yekha kwa kapitawo, atanyamula kalata ya kuchipatala. Sanamuchotse ntchito. Anamusunthira ku tebulo la pafupi ndi khomo la chigafa, kumene kumawala, ndipo fodya amamuikira chakumanja. Njinga ndiyo anasiya, inapachikidwa kudenga mpaka lero. Presha inatsika. Diso lamanzere silinabwerere.

Masiku ano dzuwa likalowa, George amakhala pa mpando pakhonde, poyera, mutu atapendeketsa, ndipo Rhoda amabwera ndi timabotolo tokhala ndi mayina ake. Akamapita ku tchalitchi Rhoda amayenda kumanzere kwa mwamuna wake, kumuuza za maenje ndi njinga zobwera. Anthu amati banja limeneli likukondana bwanji ukalamba uno. Rhoda akamva amangomwetulira, koma mumtima zimamuwawa, chifukwa amadziwa kuti mbali imene akuyendayo George samuona.

Phunziro: Mankhwala a gulokoma ndi odontheza tsiku lililonse monga mwa malangizo a kuchipatala, ngakhale maso asakupweteka, chifukwa kuona kukatayika sikubwerera. Musamatule dzina la mankhwala, musawabisire a m'banja mwanu, ndipo mukaona chachilendo funsani mwini wake kapena a zaumoyo musanachite kanthu. Ngati kwanu kuli wina amene anadwalapo matendawa, kapena mwapitirira zaka makumi anayi, kayezetseni maso musanayambe kugunda zitseko.