Sitima Yotuwa ya a Cornelius

Inu a kuno kwa Mkhumba, tatcherani khutu, ndikukumbutseni za a Cornelius, amuna anga. Ine Alesi sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndingonena mmene ndinaonera.

Mwezi umene anthu amalambula kumanda, a Cornelius ankakhala pakhonde, sitima yawo ili pamiyendo. Inali ya zitini za mafuta ophikira, kutalika ngati mkono. Mizinga anapangira masipoko a njinga, nangula anapinda msomali. Penti ankasakaniza okha, woyera ndi wakuda pang'ono, mpaka atuwe ngati phulusa lozizira. Popaka ankagwira nthenga ya nkhuku, koma timazenera ankadontheza ndi nsonga ya munga, mpweya atabanika.

Sichinali chidole ayi. Pa nkhondo ya azungu ija anawatengera limodzi ndi mng'ono wawo Kaliati. Kaliati anadwala n'kufera panyanja yamchere, m'sitima yankhondo ngati imeneyo. Anam'sokera m'thumba n'kum'ponya m'madzi.

"Anzanga ali ndi polambula," ankatero. "Ine manda a mng'ono wanga ndi awa."

Chaka cha mavoti chija, maso awo anali atazima. Mwana wathu Dickson anali atalowa zachipani, ankafuna akuluakulu amuone. Anafika masana ndi anzake n'kuinyamula sitima ija pamiyendo pa bambo ake.

"Ababa, tibwereke. Tikaonetse kumsonkhano kuti chipani chathu sichimira."

"Siya, Dickson. Muli bambo ako aang'ono mmenemo."

"Ndiye nawonso akavote!" anatero mnzake wina. Anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Anaivinitsa pamutu kuchokera kumsika mpaka kubwalo la mpira. Pobwera nayo inali itasamba penti wachipani, wowala, wopakidwa ndi bulashi yopakira nyumba. A Cornelius anaiyendetsa zala pang'onopang'ono. Timazenera tonse tinali titatsekeka, mizinga itamatana.

"Imeneyi ili ndi mtundu wanji?"

"Womwe uja, madala," anayankha Dickson uku akutsinzinira anzake. "Inu mukuona ngati?"

"Alesi, tandiuza iwe."

Ndinawauza. Sanakalipe. Anangopempha kampeni kawo kopalira.

Kuyambira pamenepo ntchito inali kupala. Koma munthu wosaona apala bwanji? Ankachotsa penti wa Dickson pamodzi ndi wawo wapansi. Chitini chinkawacheka zala, magazi n'kudonthera pamalaya. Mzinga umodzi unathyoka, anaufufuza m'fumbi tsiku lonse, chonsecho nkhuku zinali zitaupalasira kutali. Dickson akamadutsa ankati, "Muwononga, ababa, tidzaifunanso." A Cornelius chakudya anayamba kubweza. Mvula yoyamba isanagwe, anapita, sitima itapalidwa mbali imodzi yokha.

Pamaliro Dickson anabwera ndi akuluakulu ake pagalimoto. Anayala nsalu yachipani pabokosi, n'kulengeza kuti malemuwa anali membala wokhulupirika, amene anapereka ngakhale luso la manja awo. Anthu ena anawomba m'manja. Kumaliro! Nditafuna kuichotsa nsaluyo, azimayi anandigwira manja, amvekere, "Mayi, musachititse mwana manyazi pagulu." Anawakwirira nayo.

Ine mawondo atha, sindichedwa. Ndiye ndapota nanu, inu amene munalipo: ana akadzafunsa, musadzawauze zimene zinanenedwa pamanda paja. Mudzati kunali a Cornelius, ndipo anali ndi mng'ono wawo Kaliati. Muziwatchula onse awiri.