Magetsi a Amalume

Amalume ake atabwera kuchokera ku Zomba, Gracian anawagoneka m'galimoto yake yokhala ndi bedi ndi khitchini, imene amaimika kuseri kwa nyumba ku Manassas, ku America. Tsiku lachinayi anawapeza atafunda mabulangete awiri masanasana, hita itazima.

Gracian anatsegula kabokosi ka magetsi. Buleka, swichi yoteteza magetsi, inali itagwa, poti hita ndi ketulo zikayakira limodzi imadula yokha. Anaikweza ndi chala chimodzi, hita n'kuyamba kulira.

"Amalume, azima liti magetsiwa?"

"Dzana."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuze chiyani, mphwanga? Magetsi akapita timadikira, amabwera okha."

Gracian anayang'ana chitseko cha galimotoyo. Masiku awiri onsewo, ndi mashifiti ake a kuntchito, iye sanagogodepo pachitsekochi n'kamodzi komwe.