Waya Wodwala M'mawa Mokha

Intaneti ya pa loji ina ku Kakumbi inali ndi khalidwe la wantchito waulesi koma wochenjera. M'mawa Langford akayatsa kompyuta ya mu ofesi, inkafika msanga, makalata awiri atatu n'kulowa. Pakangopita mphindi makumi awiri, basi, kamtanda kofiira n'kutulukira pakona pa sikirini, timagetsi tobiriwira ta kumbuyo kwa kompyuta n'kuzima. Inkabwerera yokha masana dzuwa litapendeka, ntchito ya m'mawa itawonongeka kale.

Langford analowa pa lojipo ngati wotsuka mapoto. Anawatsuka zaka zinayi mpaka zikhadabo zinatha, kenako anakachita kosi ya makompyuta ya miyezi itatu ku Chipata n'kubwerako ndi setifiketi. Manijala wa loji, Madamu Luyando, mayi wa ku Monze wosakonda kubwereza mawu, anamukhazika mu ofesi. Kuyambira pamenepo munthu uja ankayenda ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya, ngakhale popita kukagula tomato.

Waya wa Intanetiyo anauika yekha. Wakale unkadutsa pansi ndipo nungu inautafuna, ndiye iye anagula wabuluu n'kuukweza m'mwamba, kuchokera pa rauta, kabokosi kogawa Intaneti ka mu sitolo yosungira katundu, kudutsa pabwalo la kuseri, mpaka kudenga la ofesi. Anaukoka mwamphamvu moti ukaugunda ndi chala unkalira. Masiku oyamba zonse zinali bwino, ndipo anthu anatopa kumva za waya ameneyu.

Matenda atayamba, Langford anachita zonse zimene anaphunzitsidwa. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Anazula waya, kupemerera fumbi pakamutu kake, n'kuulowetsanso. Anafufuta madiraiva, timapulogalamu tolumikiza kompyuta ndi Intaneti, n'kuikanso ena. Anabwereka laputopu ya Madamu, nayonso inafa pa nthawi yomweyo. Apa ngakhale mwana wa sukulu akanadziwa kuti vuto lili pa waya kapena pa rauta, ndipo akanathamangira ku sitolo nthawi yomwe Intaneti yafa kukaona ndi maso.

Langford sakanatha. Njira ya ku sitolo inali imodzi, yodutsa pabwalo lochapira, ndipo wochapa wamkulu pa lojipo anali Amayi Tabeth, amake a Queen, mkazi wa Langford. M'banja mwawo ankasungabe mwambo wakale woti mkamwini ndi apongozi sayang'anana maso, sayankhulana, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mabanja ambiri anazisiya izi, koma Amayi Tabeth ayi. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati, Langford ankawadziwa bwino mawu a apongozi ake ndi zidendene zawo. Nkhope ankangoiganizira.

Choncho ku sitolo ankapita masana, apongozi atalowa m'chipinda chositira. Ankapeza rauta ili phee, timagetsi tonse tikuphethira ngati sitidziwa kanthu. Ankaiyang'ana, kuipukuta, n'kubwerera ku ofesi kukauza Madamu kuti mwina ndi mitambo. Mwezi unali Okutobala, kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe.

Lachitatu zinthu zinafika posauzana. Ndege ya alendo asanu ndi mmodzi inasintha nthawi, kalata yonena zimenezi inalowa masana, ndipo alendowo anakhala maola awiri pa bwalo la ndege la Mfuwe akudzikupiza ndi zipewa. Madamu Luyando atabwerako kokawapepesa anaima pakhomo la ofesi manja ali m'chiuno.

"A Langford, manje mvetserani. Anthu sikisi, thuu awazi padzuwa. Mmodzi ndi gogo wa zaka sevente."

"Pepani, Madamu. Ndikuifufuza."

"Mwaifufuza masabata awiri. Ikafanso Lachisanu m'mawa, ndiitana munthu ku Chipata, inu mubwerera kumapoto. Tamvana?"

Langford anachita mantha. Mapotowo sanali kumuopsa kwenikweni. Chinkamuopsa chinali kuvula malaya a mu ofesi n'kuvalanso epuloni pamaso pa anthu omwe anali atayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Anaganiza za Queen, amene ankati akamatchula ntchito ya mwamuna wake mawu ankakwera pang'ono.

Lachinayi anakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayatsa kompyuta nthawi ya seveni, anaona kuti Intaneti yabwera, n'kutuluka. Anazungulira kumbuyo kwa khitchini, anakwawa pansi pa mpanda wa udzu, n'kunyonyomala kuseri kwa thanki ya madzi, munthu wa zolembera zitatu, ngati wakuba nkhuku. Kuchokera pamenepo ankaona bwalo lonse lochapira, komanso rauta kudzera pawindo la sitolo.

Apongozi anatulukira ndi beseni lalikulu pamutu, akuimba nyimbo ya ku tchalitchi chapansipansi. Anatula beseni, anatola nsungwi yayitali ya mphanda kunsonga, anakolekapo nsalu ya pabedi yonyowa, n'kuiponya pamwamba pa waya wabuluu. Anaitambasula bwinobwino. Anaponya yachiwiri. Waya unayamba kuwerama. Pa yachitatu, kagetsi ka rauta kanazima Langford akuona.

Zonse zinamveka nthawi imodzi. Kadzino kogwira waya mu rauta kanali kothyoka, ndipo nsalu zikalemera kamutu kankasololoka pang'ono. Masana nsalu zikaanulidwa, waya unkabwerera, kamutu n'kukhudzanso pamalo pake. Madiraiva aja anafera mlandu wa eni. Apongozi anawonjezera nsalu zina zitatu ndi matawulo.

Langford anasangalala kaye, kenako anazindikira kuti wapeza matenda amene mankhwala ake ndi kuyankhula ndi apongozi. Kutuma Queen kukanachedwa, poti anali atapita ku Nsefu kumaliro. Anaimirira, anafulatira bwalo, n'kutsokomola kawiri. Nyimbo inaduka. Anamva masilipasi akutembenuka, ndipo anadziwa kuti nawonso afulatira.

"Thanki iwe," anatero Langford, maso ali pachitsulo, "undifunsireko ngati akuluakulu adzuka bwino."



"Beseni," anayankha apongozi, "uwauze kuti tadzuka, kaya iwo."

"Tadzuka. Thanki, ine ndimati ndinene za waya uyu."

"Eya! Beseni, nkhani yake ndi imeneyo. Ine ndakhala ndikusowa powathokozera bambowa. Uwauze kuti njovu itadutsa pano n'kupita ndi chingwe changa choyanikira, ndinakanena ku wekishopu katatu. Katatu! Ankangoti mawa, mayi, mawa. Nsalu za alendo ndinkayanika pampanda ngati masamba a fodya. Tsiku lina ndikufika m'mawa, ndangoona waya watsopano, wabuluu, wokokedwa bwino, wosasiya dzimbiri pansalu. Ndifunse kuti waika ndani, akuti mkamwini wanu."

Langford anatsegula pakamwa, koma apongozi anali asanamalize.

"Ndinakhala pansi pompano, beseni, misozi n'kutsika. Chimwalirireni bambo ake a Queen, palibe mwamuna amene anaonapo vuto langa ndisananene. Ndinakauza azimayi onse ku tchalitchi. Ndinati akamwini anu amabwera ndi pakamwa, wanga amabwera ndi maso. Wayawo uli m'mwamba pang'ono, inde, koma munthu wa mu ofesi angadziwe bwanji msinkhu wa apongozi amene sawayang'ana? Manje amati anene chiyani za wayayu?"

Thanki inali kudontha pang'onopang'ono pampopi. Langford anayang'ana madonthowo. Mawu onse anali okonzeka pakhosi, oti uwu ndi waya wa Intaneti, oti alendo anapsa ndi dzuwa chifukwa cha nsalu, oti mawa iye abwerera kumapoto. Anawameza onse.

"Thanki," anatero, "ndimangofuna kudziwa ngati ukugwira bwino ntchito."

"Ukugwira kwambiri. Ngakhale mabulangete."

"Uwauze kuti n'kanthu kochepa. Asadandaule."

Anatulukira pomwe analowera, udzu uli m'tsitsi.

Mu sitolo munali waya wotsala m'katoni, ndipo kumunda wa ndiwo kunali paipi yakuda yothirira imene inalibe ntchito. Langford anavula malaya a mu ofesi, anawakoleka pamtengo, n'kubwereka khasu. Nthaka ya m'chigwa mu Okutobala imauma ngati njerwa yowotcha, ndipo khasu linkangodumpha. Anakumba ngalande kuchokera pakhoma la sitolo, kulambalala m'mphepete mwa bwalo lochapira, mpaka ku ofesi. Manja amene anali ataiwala ntchito anatuluka matuza, matuza n'kuphulika.

Anzake akale a ku khitchini anatuluka kudzaonerera.

"A Langford, mwaswera bwanji? Mwayamba kulima Intaneti? Mudzakolola liti?"

"Muthire manyowa, bwana, idzabereka mafoni!"

Iye anapitiriza kukumba. Analowetsa waya m'paipi kuti nungu isaupezenso, anakwirira, anapanira timitu tatsopano mbali zonse ziwiri, n'kulowetsa mu rauta mpaka kadzino kanalira kuti tche. Wabuluu uja anauzula mu rauta n'kuumangirira zolimba pamtanda wa denga. Nthawi yonseyi windo la chipinda chositira linali lotsegula, ndipo iye anaonetsetsa kuti asayang'aneko.

Lachisanu anayatsa kompyuta nthawi ya seveni, Madamu Luyando ataima kumbuyo kwake ndi kapu ya tiyi. Mphindi makumi awiri zinakwana. Langford anayang'anitsitsa sikirini. Timagetsi tinapitiriza kuphethira. Inakwana eyiti, makalata akulowabe, mpaka ena oti sanawafune.

"Chabwino," anatero Madamu. "Vuto linali chiyani?"

"Waya wa m'mwamba, Madamu. Sunali pamalo pabwino."

"Tiyeni tikauone. Tiutsitse, tiukulunge, ungadzagwire ntchito pena."

Madamu anatuluka pomwepo. Langford anawatsatira. Atafika pabwalo la kuseri anapeza nsalu zisanu ndi imodzi zikulendewera pa waya wabuluu, madzi akudontha, Amayi Tabeth akuponya tawulo ndi nsungwi yawo. Ataona mkamwini anafulatira, iyenso anayang'ana pansi.

Madamu Luyando sanali munthu wofunika kumufotokozera kawiri. Anayang'ana nsalu, anatsatira waya ndi maso mpaka kudenga la sitolo, n'kutembenuka.

"A Langford, uwu si waya uja wa..."

"Ndi woyanikira, Madamu," anawadula msanga. "Ndinaikira a kochapa."

"Anthu sikisi," ananong'ona Madamu. "Thuu awazi."

"Wolakwa ndine, Madamu. Ndine ndinaika waya pamalo olakwika. Ngati pali wobwerera kumapoto, ndine."

Madamu anayang'ana manja a Langford, ofiira ndi zilonda, kenako msana wa mayi wachikulire uja. Milomo yawo inayamba kunjenjemera. Anailuma.

"Woyanikira wabwino," anatero mokweza. "Usatsitsidwe. A Langford, mpando wanu ukukudikirani, pali makalata sate oti muyankhe."

Anachoka mofulumira, ndipo atangokhota pakona ya khitchini kuseka kwawo kunamveka mpaka kumtsinje.

Langford anatembenuka kuti azipita, mtima uli myaa. Kumbuyo kwake kunamveka kutsokomola kawiri. Anaima.

"Beseni," anatero apongozi, mawu ali otsika, "uwauze bambowa kuti ukalamba si khungu. Dzulo ndikusita ndinaona munthu akukumba dzuwa lili pamutu, akukwirira waya wofanana ndi wangawu. Ndinayang'ana m'mwamba, ndinayang'ana pansi, ndinamvetsa. Manyazi anandigwira moti ndinatsala pang'ono kuwotcha nsalu ya mlendo."

Langford anafunafuna thanki ndi maso, koma inali kutali.

"Lero ndimati ndiyanike pampanda. Kenako ndinati ayi, munthu wang'amba manja kuti ine ndisachite manyazi, ndikayanika pampanda ndiye kuti wang'ambira pachabe. Uwauze kuti tsiku lija sanandipatse waya, ndinadzitengera ndekha. Andipatsa dzulo."

Panalibe thanki, panalibe mtengo, panalibe chilichonse choti n'kuyankhula nacho. Langford anagwada pafumbi atavala buluku la mu ofesi, anaomba m'manja katatu ndi zikhatho zake za zilonda, ndipo zinamuwawa kwambiri moti misozi inapeza chifukwa chotulukira.